Odzaona, Odzapemphera ndi a Tebbutt

Mumzinda wathu uno wa ku Mangalande, pamene tchalitchi chachikulu chinamangidwa zaka mazanamazana zapitazo koma mpaka lero akuchikonzabe, muli anthu awiri amene sindikanafuna kuti akumane pakhomo limodzi: a Horace Tebbutt, oweta nkhunda zampikisano, amene mutu wawo ndi wouma kuposa miyala ya nsanja, ndi Mayi Allsop, olondera chitseko, amene ukawauza kuti "dikirani pomwepa" umawapeza mawa lake ali pomwepo. Anakumana Lachinayi madzulo, ine ndili pabenchi ya pakhonde kudikira kuti mvula ikate, tsiku limene Hattie, mdzukulu wa a Tebbutt, ankaimba yekha koyamba mu kwaya.

"Mwaswera bwanji, a Tebbutt?"

"Taswera. Chotsani chingwechi."

Mayi Allsop anayang'ana chingwe chofiira chotchinga khomo, kenako anayang'ana a Tebbutt.

"Mwadzaona kapena mwadzapemphera?"

"Ndadzamva."

"Kumva?"

"Hattie akuimba yekha lero. Simukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ndamuona akulowa, milomo ili gwagwagwa. Koma za odzamva sanandiuze."

"Ndani sanakuuzeni?"

"Wansembe wamkulu. Anati belu la madzulo likalira, odzaona onse atuluke, odzapemphera alowe. Belu lalira."

"Ndiye ine?"

"N'chifukwa chake ndikufunsa."

A Tebbutt anakutumula ambulera, madzi n'kuwazikira pansapato zanga.

"Mayi, mukudziwa bwino lomwe kuti ine sindipemphera muno."

"Eetu. Mzinda wonse ukudziwa."

Zoona, tonse timadziwa. Pansanja ya tchalitchi pamakhala akabawi awiri, ndipo ansembe, m'malo mowapirikitsa, anawakhomera bokosi loikiramo mazira, n'kuikapo kamera kuti anthu aziwaonera pafoni. Ana asukulu anawapatsa mayina. Kantini ya tchalitchi imagulitsa makapu ojambulapo nkhope zawo. Koma kabawi sadya maluwa. Chaka china anagwira Mabel, nkhunda imene a Tebbutt ankaikonda kuposa abale awo ena, ndipo chimene chinagwa pansi ndi mwendo umodzi ndi kamphete kake. A Tebbutt anautola mwendowo, n'kukauika patebulo kumalo omwera mowa, n'kulumbira pamaso pa anzawo onse oweta nkhunda kuti sadzapempheranso m'nyumba yosunga zigawenga mpaka bokosilo litatsika. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo uja unali utawatsata mpaka pakhonde.

"Ngati simunadzapemphere, mwadzaona," anatero Mayi Allsop. "Odzaona ndi mawa m'mawa."

"Mawa Hattie saimba!"

"Saimbadi. Mawa ndi anyamata."

"Tamverani, mayi. Amake ali kuntchito kuchipatala, awakaniza kuchoka. Bambo ake ali panyanja ndi sitima yawo. Wotsala ndine. Mwanayo wandigwira mkono m'mawa uno, wati, 'Agogo, pali penapake pamene nyimboyo imakwera kwambiri. Ndikapanda kukuonani, mawu satuluka.' Mpango wofiirawu ndavala dala kuti andione."

"Ndi wofiiradi."

"Ndiye?"

"Ndiye lowani. Mwadzapemphera?"

"Ayi!"

"Ndiye musalowe."

Nthawi yomweyo anatulukira mkulu wina, Cyril Bunce, chijasi chili nyowe, nyuzi ili m'khwapa.

"Mwadzaona kapena mwadzapemphera, a Bunce?"

"Kupemphera, mayi."

Chingwe chinakwera, Bunce analowa, chingwe chinatsika.

"Aaa!" A Tebbutt analoza ndi ambulera. "Ameneyo? Ameneyo amadzagona! Amakhala pafupi ndi paipi yotenthetsa, n'kumaliza mkonono mpaka mlaliki kuiwala vesi!"

"Amatsinzina."

"Ndi tulo timeneto!"

"Za kuseri kwa zikope zawo sanandipatse kuti ndiziyang'anira. Ine anandipatsa chitseko."

"Ndiye wabodza alowe, woona mtima anyowe?"

"Simukunyowa. Muli pakhonde."

A Tebbutt anapuma kawiri. Ndinawaona akuyesetsa kutsitsa mawu, zimene sachita kawirikawiri.

"Mayi Allsop. Tchalitchi ichi n'chathu, ife eni mzinda. Bambo anga ankagona padenga lake nthawi ya nkhondo ndi ndowa ya mchenga, kuzimitsa mabomba a moto. Mayi anga anachapa mikanjo ya kwaya mpaka manja kusupuka. Ine ndinabatizidwa muno."

"Munali odzapemphera."

"Ndinali khanda!"

"Okunyamulani anali odzapemphera."

"Chionetsero cha maluwa ndimalowa chaka chilichonse."

"Odzaona."

"Bandi ya malipenga itadzaimba ndinalowa."

"Odzaona."

"Chaka cha madzi osefukira ndinagona muno sabata yathunthu, ine ndi nkhunda zanga m'madengu!"

Mayi Allsop anaganiza kaye.

"Nthawi imeneyo chingwe chinali chitapita ndi madzi."

"Ukwati wanga ndi malemu Doreen unali muno."

"Odzapemphera."

"Sindinapemphere tsiku limenelo, ndinkangonjenjemera."

"Munati ameni. Ndinalipo. Ndinakhala kumbuyo kwa azakhali anu aja a chipewa cha nthenga."

Mkati munamveka limba likuyamba pang'onopang'ono, monga limachitira anthu akamakhala pansi. A Tebbutt anasuzumira pamwamba pa phewa la mayiwo.

"Chabwino. Ndikangolowa n'kukhala phee pampando?"

"Mukupemphera?"

"Ndikuganiza."

"Za chiyani?"

"Za nkhunda."

"Mukuzipempherera?"

"Ndikungoziganiza basi!"

"Zimenezo mungathe kuganiza pano."

"Nanga ndikaima mkatimo pafupi ndi chitseko, osakhala pansi n'komwe?"

"Mkati ndi mkati."

"Mwendo umodzi wokha?"

"Uti?"

"Wamanzere."

"Wadzaona kapena wadzapemphera?"

"Prudence iwe!"

"Ndikavala baji ndine Mayi Allsop."

"Tinaphunzira kalasi imodzi! Unkandikopera masamu!"

"Ndinalephera masamu chaka chimenecho."

A Tebbutt anazungulira kamodzi pakhondepo, n'kubwerera pamene anachoka, chala chili m'mwamba ngati munthu amene watola nzeru.

"Nanga inuyo? Simukupemphera, simukuona. Mukutani pano?"

"Ine ndili kunja kwa chingwe."

Anayang'ana pansi. Mayiwo analidi kunja kwa chingwe, zidendene zili mbali imodzi ndi zathu.

"Zaka zonsezi simulowa?"

"Ndikalowa, chitseko chitsala ndi yani?"

"Ndiye kwaya simuimva?"

"Ndimaimva m'mphako ya kiyi. Imakwana."

Apa a Tebbutt anatsitsa chala chija ngati munthu wogonja, ndipo ine ndinasangalala, chifukwa ndawadziwa kuyambira tili anyamata ndipo zimenezi ndinali ndisanazionepo. Koma mantha anandigwiranso. Hattie ndimamudziwa. Amayeserera nyimbo zake m'khola la nkhunda, agogo ake atakhala pandowa, ndipo pokwera paja mawu ankamuthawa kawiri pa katatu.

"Ndi liwu limodzi lokha, a Tebbutt," anatero Mayi Allsop. "Ndifunsa, inu muti eya."

"Mukufuna ndiname pakhomo la tchalitchi?"

"Ayi. Ndikufuna mupemphere."

"Bola kunama."

"Zili ndi inu."

A Tebbutt anaponya dzanja limodzi kumbuyo, n'kuwongola khosi.

"Funsani."

"Mwadzapemphera?"

"Eya."

"Mwapiringiza zala kumbuyoko."

"Sindinapiringize!"

"Zikuoneka pagalasi la zidziwitso ilo."

Kwathu kuno ngakhale mwana wa ku mkaka amadziwa kuti mawu onenedwa zala zili chopiringiza kumbuyo sawerengedwa. A Tebbutt anatulutsa dzanja lija, n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Ndi nyamakazi," anatero.

"Pepani. Mafuta a nsomba amathandiza. Tifunsenso manja ali poyera?"

"Ayi."

Limba linasintha, n'kukula. Kutali mkatimo tinaona timitu ta ana a kwaya tikudutsa pamzere, mikanjo ili mbee. Mayi Allsop anagwira chitseko chachikulu chija n'kuyamba kuchikoka.

"Iii, mukutani?"

"Kwaya ikalowa, chitseko chitsekedwe. Mphepo imazimitsa makandulo."

"Ndiye andiona bwanji?"

"Sakuonani."

Chitseko chinati guu. Tinatsala atatu pakhonde, ndi mvula. Pachitsekopo pali mutu wa mkango wachitsulo woluma mphete, wakalekale, umene alendo amakonda kujambulitsa nawo. A Tebbutt anauyang'ana, anaponya ambulera pansi, n'kutambasula mkono pamwamba pa chingwe, n'kuigwira mphete ija ndi manja awiri.

"Ndathawira muno!"

"Mwati?"

"Inu nomwe mumawauza alendo tsiku ndi tsiku, ndimakumvani ndikamadutsa. Wothawa mlandu akagwira mphete iyi, amutsekulire, kaya usana kaya usiku. Ndagwira. Tsekulani."

Mayi Allsop anakonza magalasi awo. Pankhope pawo sipanasinthe kanthu, koma ndinaona kuti nkhaniyi yawafika pamtima. Zaka zonsezi akhala akufotokoza za mpheteyo popanda woigwira ndi cholinga.

"Lamulo limenelo analithetsa kalekale."

"Anakuuzani wansembe wamkulu?"

"Ayi."

"Ndiye lilipo."

"Chabwino. Mlandu wanu?"

"Mlandu?"

"Wothawira muno amayamba waulula mlandu. Mwapha munthu?"

"Sindinafike pamenepo, koma mukundiyandikizitsa."

"Ndiye simunaphe. Mwaba?"

"Ine? Ndabapo chiyani?"

"Ndikufunsa."

A Tebbutt anayang'ana kumwamba, kunsanja.

"Ndinamugenda kabawi wanu."

"Munamulasa?"

"Ndinaphonya."

"Kuphonya si mlandu."

"Mwalawo unaswa mphuno ya mngelo wa pakona uyo."

Mayi Allsop anatuluka pang'ono mumvula, anayang'ana mngelo wopanda mphuno uja, n'kubwerera.

"Ine ndimawauza alendo kuti anaswa ndi asilikali pa nkhondo ya mfumu ndi nyumba ya malamulo."

"Ndinali ine, Lachiwiri lina."

"Ha. Ndiye ndakhala ndikunamiza anthu a ku Japan."

"Mwaona? Mlandu waukulu! Tsekulani!"

"Akukuthamangitsani ndani?"

"Chiyani?"

"Wothawa amakhala ndi omuthamangitsa. Popanda omuthamangitsa ndi woyenda chabe."

A Tebbutt anacheuka. Pabwalo panalibe munthu, kupatula wogulitsa nsomba ndi tchipisi amene ankatseka zenera la galimoto yake. Maso awo anafika pa ine.

"Clive! Ndithamangitse!"

"Mawondo anga ukuwadziwa, Horace."

"Ungoima basi, n'kukuwa!"

Ndinaima. Ndinati, "Gwirani ameneyo," ndi mawu a munthu woitanitsa tiyi. Kenako ndinakhala pansi.

"Mwamva?" anatero a Tebbutt.

"Ndamva. Ndiye muvule nsapato."

"Nsapato zalakwanji?"

"Wothawira muno amavala chiguduli chakuda, amakhala m'kachipinda ka pamwamba pa khomo, osati m'mipando. Masiku ake akatha amanyamula mtanda wamtengo, n'kuyenda wapansi, wopanda nsapato, mpaka kudoko. Akwere chombo choyamba, asadzapondenso dziko lino."

"Mpaka liti?"

"Mpaka imfa."

"Nanga nkhunda zanga?"

"Za nkhunda lamulo silinena."

"Kachipindako kali ndi zenera loyang'ana kukwaya?"

"Kanagwa nthawi ya mfumu ina. Katsala khomo lokha."

A Tebbutt sanaisiye mphete. Anangotsamiritsa mphumi padzanja, mpango wofiira uli lende pamwamba pa chingwe. Mkati wansembe anaimba mawu ake, kwaya inayankha, kenako kunati zii.

Ndiye kanamveka kamawu kamodzi, kakang'ono, kochokera kutali kuseri kwa thabwa lochindikala lija.

"Ndi iyeyo," ananong'ona a Tebbutt.

"Ndi iyeyo," anatero Mayi Allsop.

"Akunjenjemera. Mukumva? Akundifunafuna m'mipando."

"Ndikumva."

"Tsekulani, Prudence. Chonde."

"Mwadzapemphera?"

A Tebbutt anangoifinya mphete ija. Ine ndinalakalaka kuwamenya onse awiri ndi ambulera ija. Mwana ali yekhayekha pakati pa chinyumba chonsecho, akuluakulu awiri akulimbana ndi liwu limodzi! Nyimbo inayamba kukwera, sitepe ndi sitepe, ndipo kamawu kaja kanayamba kuchepa. Aliyense amene anadutsapo pakhola la a Tebbutt madzulo ankadziwa chimene chinkabwera.

A Tebbutt anatsikira pansi. Anagwada pamwala wonyowa, manja adakali pamphete, maso ali tsinzi.

"Inu a kumwambako," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndine Tebbutt. Za kabawi sindinaiwale, tidzakambirana tsiku lina. Koma mwanayu sanakulakwireni kanthu. Wayeserera mwezi wonse m'khola, fumbi la nkhunda lili m'mphuno. Mugwireni. Musamusiye agwe pamaso pa anthu. Ngati n'kugwa ndigwe ine, ndazolowera. Mugwireni, Ambuye, mugwireni."

Mayi Allsop anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli chopendeka, ngati munthu amene akufuna kutsimikiza. Kenako anakolola chingwe. Anachotsa zala za a Tebbutt pamphete chimodzichimodzi. Anakankha chitseko, osati mbali imodzi ya masiku onse ija, koma zonse ziwiri, monga amachitira pobwera bishopu. Mphepo inalowa, makandulo a kumbuyo anazima, Bunce anadzidzimuka n'kugwetsa nyuzi.

Kuchokera pakhomo mpaka kukwaya ndi mtunda woti munthu amaoneka ngati chala. Koma mpango wofiira pakhomo lotseguka, kumbuyo kwake kuli mvula yotuwa, ngakhale wa ng'ala angauone. Kamutu kamodzi kanadzuka kutaliko. Mawu aja anagwira, anakwera, anafika pamene ankathawira paja, n'kukhalapo, osagwedera, mpaka denga lonse kuwabweza. Ine misozi inatsika, ndipo sindinachite nayo manyazi.

A Tebbutt sanaone chilichonse. Anali chigwadire, maso ali tsinzi, milomo ikuyendabe.

Mayi Allsop anawerama.

"A Tebbutt. Lowani."

Zii.

"Mwapemphera, ndamva ndekha. Zala zinali poyera. Mpando ulipo pafupi ndi a Bunce."

Zii.

"A Tebbutt, mphepo ikuzimitsa makandulo. Mulowa kapena simulowa?"

Anatsekula diso limodzi, n'kuwayang'ana mayiwo kuyambira kubaji mpaka kunsapato.

"Koma mayi inu, ulemu mulibe? Simukuona kuti anthu tikupemphera?"